External ikamakwawa: mafunso ndi mayankho pa kukopera mafayilo msanga

Ojambula maukwati, alembi a m'maofesi, ophunzira a m'makoleji, anyamata okopera nyimbo ndi mafilimu m'misika, onsewa ali ndi dandaulo limodzi: ukabaya external n'kuyamba kukopera, kompyuta imalonjeza mphindi 10, kenako n'kusintha mawu, ati kwatsala maola atatu. Malangizo amene amapatsana nawonso ndi omwewomwewo. Wina akuti ika pulogalamu yofulumizitsa, wina akuti thimitsa antivayirasi, wina akuti fomata basi. Ambiri mwa malangizowa amalasa pambali. Fayilo ikamachoka mu kompyuta imadutsa malo angapo motsatizana: disiki yomwe ikuchokera, bowo la USB, chingwe, kachipangizo kolumikizira ka m'bokosi la external, kenako disiki yolandira. Ulendo wonsewo umayenda pa liwiro la malo amene akuchedwa kuposa onse, ndipo munthu amene sanawapeze malowo akhoza kukonza zina zonse osapindulapo ngakhale sekondi imodzi.

Pabokosi la external yanga analembapo 5 Gbps, koma pokopera ndikuona 100 MB/s, mwinanso 30. Kodi anandipusitsa?

Sanakupusitseni kwenikweni, kungoti sanakuuzeni zonse. Miyeso iwiriyi ndi yosiyana. Opanga zipangizo amawerenga ma bit, pomwe kompyuta pokopera imakuonetsani ma byte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. USB 2.0, yomwe inatuluka mu 2000 ndi liwiro la 480 Mbps, papepala ndi 60 MB/s, koma pantchito yeniyeni imathera pakati pa 30 ndi 40 MB/s chifukwa gawo lina la njira limadyedwa ndi mauthenga oyendetsera ntchitoyo. Ya 5 Gbps ija ndi USB 3.0 ya mu 2008, ndipo imatha kudutsitsa pafupifupi 400 MB/s. Koma nambala ya pabokosi ikunena za njira yokha. M'kati mwa external wamba, yaing'ono yolowa m'thumba ija, muli kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi ndi kamkono kokhala ndi kamutu kolemba ndi kuwerenga. Disiki yotere zinthu zikamaiyendera bwino imalemba pakati pa 100 ndi 140 MB/s, ndipo sipitirira pamenepo ngakhale muibaye pa bowo la Thunderbolt la 40 Gbps.

N'chifukwa chake nambala imene mukuona pokopera fayilo imodzi yaikulu ndi yofunika kuposa malangizo aliwonse. Ikakhala pa 100 kapena kuposerapo, palibe chovuta. Disiki ikupereka zonse zimene ili nazo, ndipo 100 GB idzatenga mphindi pafupifupi 15. Ikamangoima pa 30 kapena 40 osasuntha, ndiye kuti penapake mwagwera pa USB 2.0, ndipo 100 GB yomweyo idzadya mphindi zoyandikira 50. Ikamadumphadumpha pansi pa 10, vuto lili kwina: mtundu wa mafayilo, mapangidwe a disiki, kapena matenda ake.

Nanga ngati ikungoima pa 30 kapena 40, ndiyambire pati?

Yambirani pa bowo. Malaputopu ambiri akale ali ndi mabowo a mitundu iwiri moyandikana, ndipo pongoyang'ana mwachangu amafanana. La USB 3.0 kawirikawiri limakhala la buluu m'kati, kapena pambali pake pamakhala zilembo za SS. Pa kompyuta ya patebulo, mabowo akutsogolo nthawi zina amakhala a USB 2.0 pomwe akumbuyo ndi othamanga. Ka hub kotchipa kogawira mabowo anayi nakonso kamatha kubweza chilichonse ku liwiro la mu 2000. Musasokonezedwe ndi mayina: USB 3.0, USB 3.1 Gen 1 ndi USB 3.2 Gen 1 ndi chinthu chimodzi chomwecho cha 5 Gbps, chimene anangochisintha dzina kawiri.

Kenako chingwe, chomwe anthu sachikayikira n'komwe. External zambiri zili ndi polowetsera potambalala pa magawo awiri, potchedwa Micro-B. Chingwe choyambirira chikatayika, munthu amatenga chingwe chakale chotchajira foni, amaona kuti chikulowa pa gawo limodzi, disiki n'kuyaka ndithu. Imagwira ntchito, koma mwa USB 2.0, chifukwa mawaya othamanga ali pa gawo lomwe latsala pamtunda lija. Zingwe zambiri za USB-C zobwera ndi mafoni zilinso chimodzimodzi: maonekedwe ndi atsopano, mawaya a m'kati ndi a USB 2.0. Ngakhale chingwe chabwino chikalowa mwatheka chimachita zomwezo, pakuti pulagi ya USB 3.0 ili ndi timapini 9, ndipo 5 towonjezerato tili m'kati kwambiri. Zulani n'kubayanso mpaka kumapeto. Palinso nkhani ya moto: bowo la USB 2.0 limapereka 500 mA pomwe la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndiye disiki imene ikuchepekedwa moto imatha kumangozima n'kuyakanso pakati pa ntchito.

Ndipo musaiwale kumene mafayilo akuchokera. Memore khadi yotchipa, foni yolumikizidwa pa chingwe, kapena hard drive yotopa ya m'laputopu momwemo, zonsezi zikhoza kukhala zochedwa kuposa external imene mukuiimba mlandu. Mu Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muone disiki imene yafika pa 100 peresenti pamene kukopera kuli m'kati. Imeneyo ndiyo ikugwira zinzake mwendo.

Bwanji filimu ya 10 GB imapita pa mphindi ziwiri, koma foda ya 10 GB ya zithunzi ndi makalata imatenga ola?

Funso ili ndi lomwe limaonetsa bwino kuti liwiro si nkhani ya chingwe chokha. Taganizirani kuchigayo. Munthu mmodzi wobwera ndi matumba khumi amapimitsa kamodzi, kulipira kamodzi, chigayo n'kumangolira mpaka atamaliza. Chimanga chomwecho chikabwera ndi anthu zana, aliyense ndi kabeseni kake, tsiku limathera pa kupima, kuwerenga ndalama ndi kusintha zotengera. Fayilo iliyonse, kaya ikhale yaing'ono bwanji, ili ndi mwambo wake: kompyuta iyenera kuitsegula, kuipezera malo pa disiki yolandira, kulemba dzina lake m'kaundula wa disikiyo, kulemba zimene zili m'kati mwake, kulemba tsiku, kenako kuitseka. Kaundulayo ali pamalo ena, zolembedwazo zili pamalo ena, ndiye kamkono kaja kamangopita uku ndi uku. Kakafika pamzere woyenera kamayembekezeranso kuti kambale kazungulire mpaka malo ofunikawo afike pansi pake. Kambale ka 5,400 kamazungulira maulendo 90 pa sekondi, kotero kudikiraku kumatenga pafupifupi mamilisekondi 5 ndi theka, kuwonjezera pa nthawi yosunthira kamkonoko. Zikuoneka zochepa, koma tiyeni tiwerengere mongoyerekeza. Mafayilo 100,000 a 100 KB iliyonse ndi 10 GB. Ngati iliyonse ikutaya mamilisekondi 20 pa mwambo uja, pamenepo papita masekondi 2,000, kuposa theka la ola, zenizenizo zisanalembedwe n'komwe.

Mankhwala ake ndi kusandutsa mafayilo ambiri kukhala imodzi. Pulogalamu ngati 7-Zip imatha kuwamanga pamodzi, ndipo posankha mmene iwafinyire sankhani Store, kutanthauza kuti ingomanga osafinya. Zithunzi za JPEG, nyimbo za MP3 ndi mafilimu a MP4 n'zofinyidwa kale, ndiye kuyesa kuzifinyanso n'kutopetsa kompyuta pachabe. Wina anena kuti kumangako nakonso kumadya nthawi, ndipo akunena zoona. Ngati laputopu yanu ili ndi hard drive yozungulira, ntchito yowerenga timafayiloto imachedwabe, ndipo phindu limachepa. Koma ngati m'kati muli SSD, disiki yopanda kambale kozungulira, kuwerengako n'kwachangu, ndipo external imangolandira fayilo imodzi yaitali, ntchito imene imaidziwa bwino. Choipa chake n'chakuti mtolo umodzi ukawonongeka mumataya zambiri nthawi imodzi, komanso kupeza chithunzi chimodzi kumafuna kutsegula mtolowo. Choncho njirayi ndi ya zinthu zimene mukusunga kapena kusamutsa, ndipo mitolo ingapo, wina wa chaka chino wina wa chaka chatha, ndi yabwino kuposa chimtolo chimodzi.

Pali chizolowezi china choyenera kusiya: kuyambitsa makope atatu kapena anayi nthawi imodzi kupita ku disiki imodzi poganiza kuti ziyendera limodzi. Kamkono ndi kamodzi. Mukakapatsa ntchito zinayi kamangothamangira malo anayi, ndipo zonse zimatha mochedwa kuposa zikanapita imodziimodzi.

Kukopera kumayamba mothamanga kwambiri, kenako liwiro limagwa. Chimachitika n'chiyani?

Pali zifukwa zingapo, ndipo si zonse zili matenda. Masekondi oyambirira kompyuta imathira zinthu mu RAM, n'kumaonetsa nambala yaikulu imene disiki sinaifikepo. RAM ija ikadzaza, liwiro lenileni limaonekera. China n'chakuti disiki imayamba kudzaza kuchokera m'mphepete mwa kambale, kumene mizere ndi yaitali ndipo zambiri zimadutsa pansi pa kamutu pa kuzungulira kumodzi. Ikamayandikira kudzaza imalemba chapakati, kumene liwiro limatha kutsika mpaka theka.

Chifukwa chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndi luso lotchedwa SMR. Pofuna kukwanitsa zambiri pa kambale kamodzi, opanga anayamba kulemba mizere mosanjikiza, m'mphepete mwa wina mukukwera pa unzake. Seagate inayamba kugulitsa madisiki otere mu 2013, ndipo masiku ano external zazing'ono zambiri za 1 TB kupita m'mwamba ndi za mtunduwu. Kuwerenga kulibe vuto. Vuto lili pa kulemba pamalo pomwe panalembedwa kale, chifukwa kusintha mzere umodzi kumawononga woyandikana nawo, ndiye disiki imayenera kulembanso chigawo chonse. Pobisa kuchedwaku, disiki ili ndi malo apadera olandirira zinthu msanga, n'kumadzazisanja bwino pamene ilibe ntchito. Mukaithira zambiri nthawi imodzi malo aja amadzaza, ndipo imayamba kulandira ndi kusanja pamodzi. Pamenepo m'pamene nambala imagwa koopsa. Nkhaniyi inautsa mkangano mu 2020 pamene zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red anali a SMR popanda kulembapo, mpaka Western Digital inavomera n'kutulutsa mndandanda wa madisiki ake otere. Palibe pulogalamu imene ingasinthe mapangidwe amenewa. Chimene mungachite ndi kukopera m'magawo, kuisiya disiki ili yobaya kwa kanthawi ntchito ikatha kuti isanje katundu wake, ndi kupewa kuidzaza mpaka pakamwa.

Koma liwiro likamagwa mpaka ziro, n'kumakhala pomwepo, disiki ikulira kuti tiki tiki, nkhani si ya liwironso. Pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo imawerenga lipoti la SMART la disikiyo n'kuonetsa ngati muli malo owonongeka. Ikachenjeza, tulutsani zofunika kwambiri kaye, zina pambuyo.

Ena amalumbira kuti TeraCopy, FastCopy kapena Robocopy zimathamanga kuposa kukopera wamba. Akunama?

Ayi, koma phindu lake silili pamene amaliika. Pa fayilo imodzi yaikulu kusiyana kwake n'kochepa zedi, chifukwa malire ndi a disiki ndi chingwe, ndipo pulogalamu singazungulitse kambale mofulumira. Pamene zimathandiza ndi pa mafayilo ambiri: TeraCopy ndi FastCopy zimaika ntchito pamzere mmalo moziyendetsa zonse pamodzi, siziima pakati pa usiku kudikira kuti muyankhe funso la fayilo imodzi yovuta, ndipo zimatha kutsimikizira kuti zimene zafika n'zofanana ndi zimene zinachoka. Kutsimikizirako kumatalikitsa ntchito, koma pa zithunzi za ukwati wa anthu n'koyenera nthawi yake.

Phindu lalikulu kuposa onse ndi kusakopera zimene munakopera kale. Anthu ambiri amakokera foda yonse ya ntchito ku external sabata iliyonse, pomwe zimene zasintha ndi mafayilo ochepa chabe. Robocopy, yomwe imabwera kale mu Windows, mukailembera kuti robocopy C:\Ntchito E:\Ntchito /E, imayerekeza kukula ndi tsiku la fayilo iliyonse n'kudumpha zonse zimene sizinasinthe. Pa Linux ndi Mac ntchito yomweyi imagwiridwa ndi rsync, pulogalamu ya mu 1996. Ulendo woyamba umatenga nthawi yake yonse, koma otsatirawo amatha pa mphindi zochepa. Samalani ndi /MIR, chifukwa imafufuta ku external chilichonse chimene kulibe kochokera. Nayo /MT, imene imakopera mafayilo 8 nthawi imodzi, imathandiza pa SSD ndi pa netiweki, koma pa disiki yozungulira ikhoza kungotopetsa kamkono kaja. Za Cut zisakunyengeni: pakati pa madisiki awiri, Cut ndi kukopera komweko kotsatiridwa ndi kufufuta. Sikufulumira, kumangokuchotserani kope lachiwiri.

Ndinamva zosintha Windows kuti ikhale pa Better performance, komanso zothimitsa antivayirasi. Ndichite?

Apa m'pamene liwiro limagulidwa ndi chitetezo, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengedwa. Kuyambira pa Windows 10 ya 1809, disiki yakunja imaikidwa pa Quick removal, kutanthauza kuti Windows simasunga zolemba zambiri mu RAM, imazipereka ku disiki nthawi yomweyo. Mu Device Manager, pa Properties ya disikiyo, pansi pa Policies, mutha kusankha Better performance, imene imalola Windows kusonkhanitsa zolemba n'kuzipereka pamodzi. Pa timafayilo tambirimbiri zimathandiza ndithu. Pa mafilimu akuluakulu simuonapo kusintha kwenikweni. Koma zimene zili mu RAM zimatha magetsi akathima kapena chingwe chikazulidwa, ndipo chimene chikhoza kuwonongeka si fayilo imodzi yokha, komanso kaundula wa disiki yonse. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, izi si zongoopseza. Wa laputopu ya batire yabwino ndi external yodyera moto pa USB akhoza kusankha Better performance, bola asaiwale kudina Eject nthawi zonse. Wa kompyuta ya patebulo yopanda UPS, kapena wa external yaikulu yokhala ndi adaputala yakeyake ya kukhoma, aisiye mmene ilili.

Za antivayirasi, n'zoona kuti imaunika fayilo iliyonse ndipo pa mafayilo zikwizikwi kuchedwako kumaoneka. Koma external imene imayenda m'makompyuta a anthu, lero ku ofesi mawa kosindikizira mapepala, ndiyo njira yaikulu imene vayirasi yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut imafalikira. Kuthimitsa mlonda pa nthawi yomwe mukubaya disiki yotere n'kupulumutsa mphindi zisanu n'kutaya tsiku lonse. Musathimitse.

Kufomata kungathandize?

Pa liwiro, pang'ono chabe, ndipo kumafufuta zonse. Kusankha kafomatidwe n'kofunika pa zifukwa zina. FAT32 siilandira fayilo yofika 4 GB, n'chifukwa chake filimu yaikulu imakanidwa disiki ili ndi malo ambirimbiri. NTFS ndi yabwino kwa wogwiritsa Windows yokha, chifukwa imasunga kabuku ka zimene ikusintha ndipo imapirira bwino magetsi akathima, koma Mac payokha imangoiwerenga, siilembamo. exFAT, ya Microsoft ya mu 2006, imalembeka pa Windows ndi pa Mac pomwe, kungoti ilibe kabuku kaja, ndiye imafuna kuizula mwaulemu. Defrag imathandizako pa disiki yozungulira imene yakhala ikulembedwa ndi kufufutidwa kwa zaka. Pa SSD ilibe ntchito.

Ndiye ndingogula SSD basi?

Ngati chikukuchedwetsani ndi disiki, inde, ndipo palibe china chimene chingasinthe zinthu kwambiri chonchi. SSD ilibe kambale kapena kamkono, choncho kudikira kuja kumachoka, ndipo kusiyana kumaoneka kwambiri pa timafayilo tating'ono. SSD ya SATA yoikidwa m'kabokosi ka USB 3.0 imafika pafupifupi 400 MB/s, kutanthauza 100 GB pa mphindi zinayi kapena zisanu. Ya NVMe pa bowo la 10 Gbps imayandikira 1,000 MB/s. Pogula kabokosi onani kuti palembedwa UASP, njira yolola malamulo angapo kuyenda pamodzi, imene Windows inayamba kuidziwa payokha pa Windows 8. Koma mfundo ya malo ochedwa ikugwirabe ntchito. SSD yodula yobayidwa pa USB 2.0 imayenda pa 35 MB/s ngati external yakale, ndipo ngati mafayilo akuchokera pa hard drive ya laputopu, simupitirira liwiro la hard drive imeneyo. Ma SSD otchipa nawonso amagwa liwiro malo awo olandirira akadzaza.

Wotsutsa anena kuti ndalama yogulira SSD imodzi ingagule hard drive yaikulu kwambiri, ndipo sakulakwa. Pa kusunga mafilimu, zithunzi zakale ndi makope a ntchito, disiki yozungulira idakali yanzeru, chifukwa kope lachiwiri la zinthu zanu n'lofunika kuposa kope limodzi lothamanga, ndipo ntchito yaikulu mutha kuisiya ikuyenda usiku. SSD ndi ya munthu amene amasamutsa zinthu tsiku lililonse kasitomala ataima pakhomo. Chenjerani ndi ma SSD ndi mafulashi olembedwa 2 TB ogulitsidwa pa mtengo wa fulashi wamba: ambiri amakhala kachipangizo kakang'ono konamiziridwa kukula, kochedwa, ndipo kakadzaza zinthu zimayamba kuwonongeka mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza chipangizo chonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malowo alipodi.

Musanatulutse ndalama iliyonse, tengani fayilo imodzi ya 4 kapena 5 GB, muikopere ku external yanu pa bowo la buluu ndi chingwe chake chenicheni, muone nambala imene ikhazikika pakatha masekondi oyambirira. Ikafika 100 MB/s, disiki yanu ilibe mlandu, ndipo chosintha ndi kakoperedwe kanu. Ikaima pa 35, gulani chingwe kaye.